Mfuti ya Webley yozokotedwa maluwa, yolembedwa "Karonga 1914": kodi ndi yeniyeni?

WaKuBenoni
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yathunthu. Ndakhala kuno ku South Africa zaka 19, ndipo ndine membala wa bungwe lina la anthu osunga mfuti zakale, monga momwe lamulo la kuno la Firearms Control Act la 2000 limafunira kwa munthu wosunga mfuti chifukwa cha mbiri yake. Loweruka lapitali wogulitsa wina anandionetsa mfuti ya volovolo ya mtundu wa Webley Mark VI, ya zipolopolo za .455, ndipo kumanzere kwa thupi lake kwadindidwa chaka cha 1917. Thupi lonse, silinda yolowamo zipolopolo ndi theka la mpope n'zozokotedwa maluwa ndi timizere topotana ngati timanja ta nkhwani. Kumsana kwa chigwiriro kwalembedwa dzina la kaputeni wina wachingerezi, ndipo pansi pake pali mawu akuti "2nd K.A.R. Karonga 1914", kutanthauza gulu lachiwiri la asilikali a King's African Rifles. Mayi anga anali a ku Karonga, kotero nditawerenga mawu amenewo mtima unandigunda, ndipo ndikukhulupirira kuti wogulitsayo anazindikira. Iye akuti maluwawo anazokotedwa ku fakitale ya Webley ku Birmingham, ndipo mfutiyo inali mphatso yochokera kwa anzake a kaputeniyo. Mtengo womwe akutchula ndi wowirikiza katatu mtengo wa Webley wamba ya chaka chomwecho. Ndili ndi mafunso awiri. Ndingadziwe bwanji kuti zozokotazo ndi za nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse? Ndipo ndikaigula, kodi ndipukute ndi Brasso mawanga ofiirira omwe ali pa mpope?

Gogodera
A WaKuBenoni, Brasso ndi wa mabatani a yunifolomu ndi belu la ku tchalitchi. Mukapukuta mfutiyo ndi mankhwala amenewo mudzachotsa khungu lomwe chitsulo chavala kwa zaka zoposa 100, ndipo palibe sitolo yomwe mungakagule lina.

MphunzitsiWopuma
Ndisanafike pa maluwawo ndiyambe ndi mawu olembedwawo, chifukwa ndi amene andikayikitsa. Nkhondo ya ku Karonga inamenyedwa pa 9 September 1914, pamene Ajeremani anawoloka Songwe n'kukumana ndi asilikali a Nyasaland omwe ankatsogoleredwa ndi Kaputeni Barton. Webley Mark VI inavomerezedwa ndi boma la Britain mu 1915, ndipo yanuyo ndi ya 1917, kotero pa tsiku la nkhondoyo chitsulo chake chinali chisanasulidwe n'komwe. Wogulitsa angayankhe kuti inali mphatso yokumbukira, yoperekedwa zaka zitapita, ndipo yankho limenelo ndi lomveka. Chomwe sichikumveka ndi nambala ya gulu. King's African Rifles inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Nyasaland inali ndi magulu awiri, loyamba ndi lachiwiri. Gulu lachiwiri linathetsedwa mu 1911 pofuna kupulumutsa ndalama, moti ena mwa asilikali omwe anachotsedwa ntchito anakalembedwa usilikali kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, komwe lero kumatchedwa Tukuyu. Gululo linadzutsidwanso mu 1916. Choncho mu 1914 kunalibe gulu lotchedwa 2nd K.A.R. loti n'kumenya nkhondo ku Karonga, ndipo msilikali yemwe analipo pa tsikulo sakanasokoneza dzina la gulu lake lomwe.

Chiwaya
Aphunzitsi, mwafulumira kugamula mlandu. Tiyerekeze kuti munthuyo anamenya ku Karonga ali mu gulu loyamba, kenaka mu 1916 anasamutsidwira ku gulu lachiwiri lomwe linkafuna atsogoleri odziwa kale Chinyanja ndi nkhondo ya m'tchire. Anzake a gulu latsopanolo atamugulira mfuti mu 1917, akanalemba dzina la gulu lawo pamodzi ndi malo omwe mnzawoyo anatchukira. Mawuwo akhoza kukhala oona onse, ngakhale akunena za zaka ziwiri zosiyana.

MphunzitsiWopuma
Ndavomera, a Chiwaya, kuti zimenezo n'zotheka, ndipo ubwino wake ndi wakuti zikhoza kufufuzidwa. Kukwezedwa ndi kusamutsidwa kwa akuluakulu a asilikali kunkasindikizidwa mu London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain, yomwe lero aliyense angaiwerenge pa intaneti osalipira, ndipo mafayilo awo ambiri a nthawi ya nkhondoyo ali ku National Archives ku Kew, ku London. A WaKuBenoni alembe dzinalo monga lilili pa mfutiyo, alifufuze. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nachisale_Leeds
Ndiwonjezere mbali ina yomwe ndinaiphunzira nditayamba kupita kawirikawiri ku Royal Armouries, nyumba yosungiramo zida zakale za nkhondo, kuno ku Leeds. Mfuti zomwe boma la Britain linkagula kuti ligawire asilikali sizinkazokotedwa maluwa. Zinali zida za ntchito, zakuda bii, zodindidwa kachizindikiro ka muvi kosonyeza kuti ndi katundu wa boma, pamodzi ndi tizidindo ta anthu oyendera omwe tili ndi chisoti chachifumu pamwamba. Koma akuluakulu a asilikali ankadzigulira okha yunifolomu, lupanga ndi mfuti, ndipo chomwe boma linkafuna ndi chakuti mfutiyo ilowe chipolopolo cha .455 basi. Ankagula m'masitolo monga Army & Navy ku London kapena kwa Wilkinson, ndipo ambiri ankangolembetsa dzina lawo ndi la gulu lawo, popanda duwa ngakhale limodzi. N'chifukwa chake Webley yolembedwa dzina imapezeka ndithu, pamene yodzaza maluwa kuchokera ku fakitale ndi yosowa kwambiri, makamaka ya 1917, chaka chomwe fakitale inali pa kalikiliki kupanga mfuti za nkhondo usana ndi usiku. Ngati pa mfutiyo pali dzina la Army & Navy, mabuku a malonda a sitoloyo akusungidwa ku University of Glasgow, ndipo nambala ya mfuti ikhoza kukuuzani yemwe anaigula ndi tsiku lake. Ngati pali mivi iwiri yoyang'anizana nsonga, ndiye kuti inali ya boma ndipo inagulitsidwa mwalamulo. Chomwe ndikufuna muyang'ane kwambiri ndi chidindo cha ku Birmingham Proof House, komwe mfuti zimayesedwa zisanagulitsidwe kwa anthu wamba. Chikakhala cha zilembo za BNP pansi pa chisoti chachifumu, dziwani kuti chidindo chimenecho chinayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950.

Msulazitsulo
Ine mbiri sindiidziwa ngati anzangawa, koma ndakhala ndikuzokota mayina pa zikho ndi mipeni kwa zaka zambiri, ndipo chitsulo ndimachimva. A WaKuBenoni, mukabwerera kumeneko mutenge galasi lokuza zinthu kakhumi ndi tochi yaing'ono, ndipo muwalitse kuchokera m'mbali, osati kuchokera pamwamba. Mmisiri wakale ankagwira tchizulo yaing'ono ku dzanja limodzi ndi kanyundo ku dzanja linalo, ndipo kumenya kulikonse kunkasiya kasitepe mkati mwa mzere, makamaka pokhota, moti mukayang'anitsitsa mungawerenge kuti anamenya kangati. Zipangizo za mpweya za masiku ano zimamenya mofulumira kwambiri kotero mzere umatuluka wosalala, ndipo makina a laser amasiya pansi pa mzere pali fulati ndi timadontho tofanana ngati ta pa nsalu. Koma masitepewo asakunyengeni, chifukwa alipo amisiri lero omwe amagwirabe ntchito ndi kanyundo. Umboni weniweni uli pomwe duwa lakumana ndi chidindo. Chidindo chikakhala pamwamba, chitaphwanya mzere wa duwa, ndiye kuti duwa linayamba. Mzere wa duwa ukadula chilembo cha chidindo, kapena maluwa akazungulira chidindo mosamala ngati munthu wolambalala chithaphwi, ndiye kuti chidindo chinayamba. Muonenso m'mphepete mwa mabowo a masikuluwu. Pakakhala polowa ngati kambale, ndipo zilembo za dzina la Webley zikaoneka zofufutika mbali imodzi, mfutiyo inapalidwa pa makina isanazokotedwe, ndipo fakitale siinkatulutsa katundu wotero.

Gogodera
Muonenso kumbuyo kwa silinda. Webley zambiri zomwe zinagulitsidwa ku America zinasengedwa kumeneko kuti zizilowa zipolopolo za .45 ACP, ndipo mumazizindikira poona kuti manambala a m'mphepete mwa silinda adulidwa miyendo. Yoteroyo mtengo wake umatsika, ndipo kuiwombera ndi zipolopolo zimenezo n'kuika dzanja pa ngozi chifukwa mphamvu yake imaposa yomwe mfutiyo inapangidwira.

MdzukuluWaMtengatenga
Ndawerenga zonsezi ndipo ndikupempha kuti mundilole kufunsa funso losakoma. Agogo a bambo anga anagwidwa pamudzi ku Ntcheu n'kukakhala mtengatenga pa nkhondo yomweyo. Amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondoyo pamutu, opanda nsapato, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Mfuti ngati imeneyi inkalendewera m'chiuno mwa munthu yemwe ankawayendetsa. John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, magazi a ku Karonga asanaume, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Lero mdzukulu wa anthu omwewo akufuna kupereka malipiro a miyezi ingapo kuti agule mfuti ya bwanayo chifukwa ili ndi maluwa. Kodi kukongola kwake kuli pati?

Chiwaya
Mukatero ndiye kuti tigwetsenso chipilala cha asilikali cha ku Zomba, ndipo tileke kuvina malipenga ndi beni, pakuti zonsezo zinabadwa ku usilikali womwewo.

MdzukuluWaMtengatenga
Chipilala cha ku Zomba chili ndi mayina a anthu athu, a Chiwaya. Mfutiyi ili ndi dzina la mzungu.

WaKuBenoni
A MdzukuluWaMtengatenga, funso lanu silinandikhumudwitse, chifukwa akazi anga anandifunsa lomwelo ndi mawu owawa kuposa anuwa. Yankho langa ndi lakuti zinthu za nkhondo imeneyo zomwe munthu angazigwire ndi manja zatsala zochepa, ndipo zambiri zili m'makabati a ku Ulaya ndi kuno ku Joni. Mtengatenga sanasiye kanthu, chifukwa nkhata ya pamutu ndi chiguduli zinawola kalekale. Ndinkaganiza kuti mfutiyi ikakhala yeniyeni, idzakhala m'manja mwa munthu yemwe akaionetsa kwa ana adzanena mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku lina, malamulo akalola, ikhoza kukakhala ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, pafupi ndi manda a omwe anafa pa tsikulo. Koma ndivomere kuti maluwawo anandikopanso paokha.

MkondaColt
Pa funso lakuti kukongola kuli pati, ndilole ndinene kuti mwambo wozokota mfuti za volovolo za asilikali unatchuka kwambiri ku America, komwe unkagwiritsidwa ntchito ngati njira yotsatsira malonda. Samuel Colt, mwini fakitale ya mfuti ya ku Hartford, ankadziwa kuti woweruza za kugula mfuti zikwizikwi ndi munthu mmodzi kapena awiri, kotero ankawapatsa mphatso za mfuti zokongoletsedwa. Mu 1854, nkhondo ya ku Crimea ili mkati, anapereka kwa mfumu ya Russia, Nicholas I, mfuti zozokotedwa zoikidwa golide. Imodzi mwa izo, ya mtundu wa Dragoon, ili ku Hermitage, nyumba yosungiramo zakale ya ku St Petersburg, pamene inzake yomwe inapangidwira limodzi ili ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Mmisiri wotchuka wa Colt pa nthawiyo anali Gustave Young, wochokera ku Germany, yemwe anthu amamuzindikira ndi mitu ya nyama yotuluka mkati mwa timizere topotana ndiponso kamutu ka mmbulu kozokotedwa pa kanyundo ka mfuti. Pambuyo pake anakagwira ntchito ku kampani ya mfuti ya Smith & Wesson. Ku New York kunali Mjeremani wina, Louis Daniel Nimschke, yemwe ankapaka inki pa ntchito yake n'kuidinda pa pepala asanaibweze kwa mwini wake, ndipo mapepala amenewo ndi omwe lero amathandiza kutsimikizira ntchito yake. Mfuti ziwiri za Remington zomwe anazokota, zomwe zinali za Ulysses Grant, mkulu wa asilikali yemwe anadzakhala pulezidenti wa America, zinagulitsidwa pa okushoni ya Rock Island mu 2022 pa madola 5.17 miliyoni. Koma taonani chomwe ogula analipira. Analipira dzanja la Nimschke, dzina la Grant, ndi umboni wolumikiza ziwirizo. Kampani ya Colt mpaka lero imalemba kalata yochokera m'mabuku ake yonena tsiku lomwe mfuti inatumizidwa, komwe inapita, ndiponso ngati inatuluka yozokotedwa, ngakhale kuti moto wa 1864 unawononga fakitale ndipo zolembedwa za zaka zoyambirira zili ndi mipata. Popanda kalata yotero, osunga mfuti amaiona yozokotedwayo ndi diso lokayika.

Nachisale_Leeds
A MkondaColt, mwasiya chithunzi cha pa silinda ya Colt Navy ya 1851, chomwe ine ndimachikonda kuposa golide yense uja.

MkondaColt
Zoona, mayi, ndipo chimathandiza pa nkhani yathuyi. Chithunzicho ndi cha nkhondo ya zombo ya ku Campeche, pakati pa Texas ndi Mexico, ndipo m'mphepete mwake mwalembedwa tsiku la 16 May 1843. Anachijambula W. L. Ormsby, mmisiri wozokota zitsulo zosindikizira ndalama za pepala, ndipo sichinkazokotedwa ndi dzanja pa mfuti iliyonse. Chinkadindidwa ndi chitsulo chogudubuza, mosazama, kotero chimafufutika msanga. Colt Navy yomwe zombo zake zikuonekabe bwino imagulidwa modula, ndipo pachifukwa chimenecho alipo anthu omwe amadzutsa chithunzicho ndi tchizulo kuti chioneke chatsopano. Wodziwa akangoona matanga a zombo akuthwa pa mfuti yomwe mbali zina zonse zinaperepeseka, amabweza ndalama zake m'thumba.

MlondaWaNyika
Pepani ndipatuke pang'ono. Mfuti zambiri zomwe mukuzitamazi zili ndi zigwiriro za mnyanga wa njovu, kuphatikizapo za Grant zija ndi Colt ya George Patton, mkulu wa asilikali wa ku America, yomwe anagula mu 1916. Mnyanga wambiri wa m'zaka za m'ma 1800 unkachokera kuno kwathu kum'mawa ndi pakati pa Africa, utasenzedwa ndi akapolo mpaka ku nyanja ya mchere. Ndinaonerera ku Mzuzu mu 2016 pamene boma linatentha matani 2.6 a minyanga yolandidwa, ndipo sindingathe kuyang'ana chigwiriro choyera popanda kukumbukira utsi umene uja. A WaKuBenoni, chigwiriro cha yanuyo ndi cha chiyani?

WaKuBenoni
Ndi chakuda, cha labala wouma wa timabokosi ting'onoting'ono, chomwe Webley zonse za mtunduwu zimakhala nacho, ndipo pakona yapansi ndi pobenthuka pang'ono.

Nachisale_Leeds
Chimenecho chakupulumutsani ku mavuto ena, chifukwa kuno ku Britain lamulo la Ivory Act linayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo kugulitsa chinthu cha mnyanga tsopano n'kovuta kwambiri. Koma chigwiriro chobenthukacho chikundiwonjezera chikayiko. Anthu osonkha ndalama kuti azokotetse mfuti yonse kawirikawiri ankaiikira chigwiriro cha mtengo wabwino ndi bokosi lake, ndipo mphatso yotero inkakhala m'kabati, siinkagubuduzika m'matope kufikira kubenthuka. Pa za mawanga aja, mafuta ochepa pa kansalu kofewa ndi okwanira, kenaka phula lopyapyala la Renaissance Wax, lomwe linapangidwa ndi akatswiri a ku British Museum. Sandipepa ndi waya wotsukira mapoto zisayandikire.

WaKuBenoni
Ndabwerako, akuluakulu, ndipo ndinatenga galasi ndi tochi monga munandilangizira. Manambala a pa thupi, pa mpope ndi pa silinda ndi ofanana, ndipo silinda siinasengedwe. Muvi wa boma ulipo, mivi iwiri yoyang'anizana iliponso, ndipo dzina la sitolo palibe. Mkati mwa mizere masitepe a kanyundo akuoneka bwinobwino, moti poyamba ndinasangalala. Kenaka ndinapeza chidindo cha BNP pa silinda, pakati pa masamba awiri, ndipo phesi la tsamba limodzi ladutsa pa mwendo wa chilembo cha N n'kuudula pakati. Ndinayang'ana katatu, ndikutembenuza tochi, ndipo mzere wa tchizulo ndi womwe uli pamwamba. Mabowo awiri a masikuluwu ndi olowa ngati kambale, monga ananenera a Msulazitsulo. Dzina la kaputeniyo ndalifufuza mu London Gazette usiku uwiri ndipo sindinalipeze pa mndandanda uliwonse wokhudza King's African Rifles. Nditamuonetsa wogulitsayo chilembo chodulidwacho anakhala chete kanthawi, kenaka anati nayenso anaigula ndi nkhani yomweyo, ndipo anatsitsa mtengo ndi theka.

Gogodera
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale pa thekalo musagule, chifukwa Webley wamba yosakhudzidwa ya 1917 ndi yamtengo kuposa yopalidwa n'kulembedwa bodza.

Chiwaya
Ndagonja pa za Karonga, Aphunzitsi. Komabe ndikuona kuti mfutiyo payokha ndi yeniyeni, inatumikira boma pa nkhondo, ndipo tchimo ndi la yemwe analemba mawuwo.

MphunzitsiWopuma
Chomwe chandidabwitsa ine ndi chakuti wabodzayo anasankha Karonga. Akanalemba Somme kapena Ypres akanapikisana ndi mfuti zenizeni zambirimbiri, ndipo odziwa nkhondo za ku Ulaya ndi ochuluka. Anasankha nkhondo yaing'ono ya kutali poganiza kuti palibe yemwe angadziwe kuti gulu lachiwiri kunalibe mu 1914.

MdzukuluWaMtengatenga
A WaKuBenoni, ngati ndalamazo zatsala, ndikupemphani kuti mukafufuze mamendulo a asilikali akuda a K.A.R., omwe amagulitsidwa pa maokushoni omwewo. M'mphepete mwake mumadindidwa nambala, udindo ndi dzina la munthu, ndipo mayinawo ndi a kwathu.

WaKuBenoni
Ndamva, ndipo mamendulo safuna n'komwe chilolezo cha apolisi chomwe kuno timadikira miyezi. Mfutiyo ndaisiya. Ndinangopempha wogulitsayo kuti achotse kapepala konena za fakitale ya Birmingham, ndipo anakachotsa ine ndikuona. Anandilolanso kujambula zithunzi zisanu, zomwe ndatumiza kwa a Msulazitsulo.

Msulazitsulo
Zithunzizo ndaziona, ndipo ndinene kuti yemwe anazokota maluwawo anali mmisiri ndithu, ndipo sindikukhulupirira kuti ndi yemweyo analemba mawu a kumsana, chifukwa zilembozo n'zosalingana kuya ndipo K wake wapendekeka. Pa chithunzi chachitatu, kumunsi kwa sikuluwu yomwe mpope umapindikirapo, tchizulo inamuterereka n'kusiya mzere wowongoka wautali ngati njere ya mpunga. M'malo moupala, anauonjezera timitsempha tinayi n'kuusandutsa tsamba. A WaKuBenoni, mukadzadutsanso kumeneko mundijambulire tsamba limenelo pafupi, tochi ili kumanzere.